Jekete la mbali ziwiri: chovala chosabisa mbali ina ya mwini wake

Wopanga zovala akafuna kusonyeza kuti munthu ali ndi mbali ziwiri, chimene chimabwera msanga m'mutu ndi chovala chakuda theka, choyera theka, msoko pakati. Pachithunzi chimakopa maso, koma pathupi sichichedwa kutopetsa, chifukwa chimanena zonse nthawi imodzi ndipo wovalayo alibe chosankha. Munthu sakhala choncho. Pali tsiku limene amafuna kuonekera ndi kucheza, pali tsiku limene amafuna kuti asafunsidwe kanthu. Mbali zonsezi amayenda nazo nthawi zonse, ina kunja, ina m'kati. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti chovala choyenera nkhani imeneyi ndi jekete lovalika kuwiri konse, limene mbali iliyonse yasokedwa mosamala ngati inzake.

Jekete wamba lili ndi pobisa. Nsalu yam'kati imaphimba ulusi wotsalira, misoko yokhota ndi malo amene sizasi inadya mopitirira. Jekete la mbali ziwiri lilibe chipinda choponyamo zinthu alendo akamabwera. Chimene lero chakhudza khungu, mawa chili panja. Kudzivomereza, kumene ndi kulandira mbali zako zonse ziwiri osabisa ina, kukuyambira pomwepo, ndipo ntchito yake ndi ya manja: kugwirizanitsa nsalu ziwiri zosiyana khalidwe popanda ina kukoka inzake.

Ena anayendamo kale m'njira imeneyi. Rei Kawakubo, amene anayambitsa Comme des Garçons ku Tokyo mu 1969, anaonetsa zovala zake ku Paris koyamba mu 1981, chaka chomwe Yohji Yamamoto anaonetsanso zake kumeneko. Zinali zakuda, zazikulu, zosalingana kumanja ndi kumanzere, ndipo sizinkasamala zoonetsa chiuno cha wovala. Mu 1982 Kawakubo anatulutsa juzi yakuda ya mabowo oikidwa dala. Mu 2017 nyumba ya Metropolitan Museum of Art ku New York inaonetsa ntchito zake itazisanja m'magulu a zinthu ziwiriziwiri zotsutsana, monga kukhalapo ndi kusakhalapo, mwini ndi munthu wina. Martin Margiela wa ku Belgium, amene anatsegula nyumba yake ya zovala mu 1988, ankatulutsira kunja misoko ndi nsalu zam'kati zimene atelala amabisa. Kale Cristóbal Balenciaga anali atasoka, mu 1957, jasi lofufuma kumsana losakhudza chiuno, lomuzinga munthu ngati kanyumba kake. Onsewa sanalembe mawu achisoni pachifuwa cha malaya. Maganizo awo anawaika m'kadulidwe, m'kulemera kwa nsalu ndi m'mpata wa pakati pa thupi ndi chovala.

Kuchoka pa zamumtima kufika pa tepi

Musayambe ndi kujambula. Yambani ndi kuona mmene thupi limachitira munthu akatopa ndi anthu. Amalowetsa manja m'matumba mpaka pansi. Amakokera mikono ya juzi kuti iphimbe zala. Amatsitsa chibwano m'kolala, mapewa n'kubwera kutsogolo pang'ono. Zinthu zitatu izi, thumba, mkono ndi kolala, ndi zimene zimanyamula nkhani ya kukhala pawekha, ndipo chilichonse chili ndi muyeso wake.

Ngati mukusokera munthu wina, mufunseni mafunso a thupi. Akafuna kupuma, amakonda chomugwira kapena chomutaya? Khosi likaphimbidwa amamva bwino kapena amabanika? Mayankho amenewa amakupatsani manambala, pamene funso loti "mumamva bwanji mumtima" limangokupatsani mawu okoma osadulika ndi sizasi.

Mpata wa pachifuwa ndiwo woyamba. Jekete wamba lomasuka limaposa chifuwa ndi masentimita 10 mpaka 15. La ntchito imeneyi lipatseni 20 mpaka 25: chifuwa cha masentimita 96 chifuna jekete lozungulira pafupifupi 118. Msoko wa paphewa mutsitsireni pamkono masentimita 5 mpaka 8. Mukatero muyeneranso kutsitsa m'khwapa ndi masentimita 3 kapena 4 ndi kuchepetsa msinkhu wa mutu wa mkono, kumtunda kwake kumene kumalumikizidwa paphewa, kuti ukhale wophwatalala. Ambiri amatsitsa phewa n'kusiya mkono momwe unalili, ndiye pamwamba pa mkono pamatuluka chotupa chimene simbi singachigonjetse, chifukwa nsalu yopangidwira kuzungulira fupa la phewa yagwera pamalo oongoka. Kutalika kwa mkono kuyezeni kuchokera pakhosi kudutsa paphewa mpaka polumikizira dzanja, kenako onjezani masentimita 4 kapena 5 kuti ufike pazala. Ukapindidwa, mtundu wa mbali inayo umaonekera, ndipo wovalayo amasankha yekha kuchuluka kwa zimene akufuna kuonetsa.

Kolala yoimirira ya masentimita 9 imafika pachibwano mwa anthu ambiri. Izungulire khosi ndi mpata wa masentimita 6 mpaka 8 kuti chibwano chilowe popanda kukanikiza pammero, ndipo ithe kupindikira pansi. Pamenepa ndipofunika kusamala kwambiri. Kukhala pawekha mwa kufuna kwako n'kosiyana ndi kutsekeredwa. Jekete limene munthu sangakwezemo manja, kapena kolala imene singatsike, likunena za ndende, osati za mpumulo. Chilichonse chotseka chikhale chotsegukanso ndi dzanja limodzi.

Musanakhudze nsalu yeniyeni, sokani loyeserera la kaliko, ndipo likhale la nsalu ziwiri ngati lenilenilo. Loyeserera la nsalu imodzi limanama: limaoneka lomasuka, koma nsalu yachiwiri ikalowa, m'khwapa ndi m'mikono mumathina.

Nsalu ziwiri zimene zingakhalire limodzi

Apa ndi pamene majekete ambiri a mtundu uwu amafera. Mtima umafuna kusiyana kwakukulu, jinzi yolimba mbali ino, satini yoterera mbali inayo. Koma jinzi ya magalamu 400 pa sikweya mita ikasokedwa ndi satini ya magalamu 80, yolemerayo imalamulira chilichonse. Yopepukayo imalendewera kumpendero, imakwinyika m'misoko, ndipo mukaitembenuzira kunja imaonetsa mizere yonse ya misoko ya jinzi imene ili pansi pake. Siyanitsani mtundu ndi kakhudzidwe, koma kulemera kuyandikane.

Kuyeza kulemera n'kosavuta. Dulani kachidutswa ka masentimita 10 mbali zonse, kaikeni pa sikelo yaing'ono yotha kuwerenga gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu, ndipo chulukitsani ndi 100. Kachidutswa ka magalamu 2.4 ndiye kuti nsaluyo ndi ya magalamu 240 pa sikweya mita. Ine ndimakonda kuti nsalu ziwirizo zisasiyane kupitirira magalamu 60, ndipo zonse pamodzi zisapitirire 500, apo ayi jekete limalemera pamapewa ndipo makina apanyumba amavutika podutsa pamene misoko yakumana. Twill ya thonje yakuda yosanyezimira, ija ya timizere topendeka, ya magalamu 240, imayenda bwino ndi lineni yotuwira ya magalamu 200. Ina ndi yosalala ndi yachete, ina imakwinyika ndi kusunga mapindidwe a thupi. Ngati mtima wakakamira pa nsalu yopyapyala, iphatikeni kaye pa thonje lopepuka kuseri kwake, chidutswa chilichonse pachokha, n'kumazisoka ngati nsalu imodzi.

Chachiwiri ndi kufupika. Thonje ndi lineni zimafupika zikachapidwa koyamba, ndipo sizifupika mofanana. Jambulani bokosi la masentimita 50 mbali zonse pa nsalu iliyonse, chapani monga mmene jekete lidzachapidwire, yanikani, sitani, yezaninso. Masentimita 2 akasowa, nsaluyo yafupika ndi 4 peresenti. Tiyerekeze kuti inzakeyo yafupika ndi 1 peresenti yokha: pa jekete lotalika masentimita 75, kusiyanako kumaposa masentimita 2, ndipo mbali yaitaliyo imatuluka kumpendero ngati thumba lopanda kanthu. Chapani nsalu zonse musanadule, lineni kawiri. Ubweya wa nkhosa musauphatikize ndi nsalu yofuna kuchapa m'madzi otentha, chifukwa jekete limodzi silingachapidwe m'njira ziwiri.

Chachitatu ndi utoto. Nsalu yakuda kapena ya buluu wa indigo ikakhala moyang'anizana ndi yoyera, thukuta ndi mvula zimasamutsa utoto. Nyowetsani kansalu koyera, kaikeni pa yakudayo, kanikizani ndi simbi yotentha kwa masekondi 15. Kenako tikitani kansalu kouma pamalo ena. Kakadetsedwa, chapaninso yakudayo mpaka madzi atayera, ndipo ikapitirira kuchucha, isiyeni. Gwirizaninso yoyerayo pamwamba pa yakudayo padzuwa: ngati mdima ukuonekera kupyola, yoyerayo idzaoneka yakuda ndi litsiro ngakhale ili yochapa.

Pa nsalu ya masentimita 150 m'lifupi, jekete lofika pantchafu limadya mamita 2 mpaka 2.5 mbali iliyonse. Veleveti ndi nsalu zina za ubweya wogonera kumodzi zimafuna theka la mita lowonjezera, popeza zidutswa zonse ziyenera kuyang'ana kumodzi. Chimodzi chikazondoka chimaoneka cha mtundu wina pakuwala.

Kudula

Nsalu zonse ziwiri zidulidwe ndi patani imodzi, ulusi wam'litali ukuyenda mowongoka kuchokera paphewa kupita pansi. Yezani kuchokera pamzere wa patani wosonyeza kumene ulusiwo ukuyenda kufika m'mphepete mwa nsalu kumtunda ndi kumunsi, manambala afanane. Mbali imodzi ikapendeka ngakhale pang'ono, jekete limapotoka likachapidwa, msoko wam'mbali n'kuyamba kuyenda kupita kutsogolo.

Ngati mwasankha kuti kutsogolo kukhale kosalingana, mwachitsanzo mbali yakumanja yaitali ndi yopitirira pa inzake, musapinde nsalu podula. Yalani nsalu imodzi, kumaso kuli m'mwamba, ndipo lembani ndi choko kuseri kwa chidutswa chilichonse kuti ndi chakumanja kapena chakumanzere. Kumbukirani kuti jekete likatembenuzidwa, chimene chinali kumanja chimapita kumanzere. Choncho pa nsalu yachiwiri patani iyenera kugadamitsidwa. Mukaiwala, mumapeza zidutswa ziwiri zazitali zimene sizingakumane, ndipo palibe chokonza koma kugula nsalu ina.

Siyani masentimita 1.5 a msoko paliponse. Mukangomaliza kudula, pitani pamakina ndi kudutsitsa mzere umodzi wa sitichi m'khosi ndi m'mphepete mopendeka mwa kutsogolo, masentimita 1.2 kuchokera kumapeto. Malo amenewa adulidwa mopendeka ndipo amatanuka mukangowanyamula, makamaka lineni. Khosi la mbali ina likatanuka ndi sentimita imodzi, kolala sikhalanso.

Nsalu yolimbitsira yomata ndi simbi, imene amaitcha interfacing, ikani pa mbali imodzi yokha, yolemerayo: pakolala, m'mphepete mwa kutsogolo mulifupi masentimita 7, ndi kumapeto kwa mikono. Kanikizani simbi masekondi 10 mpaka 15 pamalo amodzi, inyamuleni, ikani pena, osaikwekweretsa, ndipo dikirani izizire musanaisunthe. Mukaika mbali zonse ziwiri, kutsogolo kumauma ngati katoni.

Kusoka majekete awiri kukhala limodzi

Matumba amasokedwa choyamba, nsalu zisanakumane. Thumba lophatika la masentimita 17 m'lifupi ndi 20 kuya limameza dzanja lonse. Lipendekeni pang'ono kukamwa kwake kuti dzanja lilowe chigongono chisanakwere, ndipo kuseri kwa ngodya zam'mwamba ikani tizidutswa tolimbitsira, chifukwa munthu wokonda kubisa manja amakankhira pansi ndi mphamvu. Musaike matumba a mbali zonse pamalo amodzi, apo pamakhala nsalu zinayi kapena kuposa, ndipo chiuno chimatupa. Mbali yakuda ikhale ndi awiri m'munsi, yoyera ikhale ndi limodzi pachifuwa. Yakudayo ikakhala kunja, lapachifuwalo limasanduka thumba lam'kati la zinthu zimene mwini yekha akuzidziwa.

Kenako sokani majekete awiri athunthu, lililonse ndi mikono ndi kolala yake. Singano ya nambala 80/12 imakwana pa nsalu zapakatikati, 90/14 pamene zachulukana, sitichi ya mamilimita 2.5. Msoko uliwonse usiteni motsegula musanaudutsitse wina. Pa jekete limodzi siyani msoko wam'mbali wosatseka masentimita 20 pakatikati, potembenuzira.

Musathamangire kulumikiza. Lowetsani lina mwa linzake monga mmene lidzavalidwire, lipachikeni pa hang'ala usiku wonse. M'mawa mudzaona nsalu imene yatsika. Linganizani mpendero pamenepo, lili chopachikika, osati patebulo.

Tsopano ikani kumaso ndi kumaso, gwirizani ndi mapini kuyambira pakati pa kolala kutsika mbali zonse, ndipo sokani kuzungulira kolala, kutsogolo ndi mpendero. Mano a pansi pa makina amakoka nsalu yapansi mofulumira kuposa yapamwamba, n'chifukwa chake mumafika kumapeto yapamwamba itatsala sentimita yathunthu. Nsalu yotanuka kwambiri ikhale pansi, sokani mbali zonse ziwiri za kutsogolo kuchokera kumwamba kupita kumunsi, ndipo ngati muli ndi phazi la makina loyenda limodzi ndi nsalu, ino ndiyo ntchito yake. Mukasoka mbali ina chotsika, ina chokwera, kutsogolo kumodzi kumapindikira kunja, kwina m'kati.

Chepetsani zotsala za msoko mosalingana, ina ifike mamilimita 6, inzake sentimita imodzi, kuti m'mphepete musakhale chitunda. Dulani ngodya mopendeka, temani timipata m'malo okhota osafika pa ulusi, kenako tembenuzani kudzera pa mpata uja.

Mikono ndiyo imasokoneza anthu. Wina amangolumikiza mapeto ake jekete lili chotembenuza, pomaliza n'kupeza mkono wopotoka umene dzanja silingadutse. Njira yosalakwa ndi iyi: jekete lili bwinobwino, mkono uli m'kati mwa unzake, pindirani m'kati mapeto onse awiri pamsoko wa kunsi kwa mkono ndi kuwagwira ndi pini imodzi. Lowetsani dzanja pampata wam'mbali, pakati pa nsalu ziwirizo, gwirani pamene pali pinipo ndi kukokera kunja. Osachotsa piniyo, linganizani mapeto kumaso ndi kumaso ndi kusoka kuzungulira. Dzanja lidakali m'katimo, mangirirani zotsala za misoko ya m'khwapa ndi ya paphewa ya majekete awiriwo ndi masitichi angapo omasuka, apo ayi povula mkono wam'kati umatuluka limodzi ndi dzanja. Mpata wam'mbali utsekeni pamanja, singano ikuyenda m'kati mwa mapindidwe, kuti pasaoneke.

Pa jekete wamba timakankhira msoko wam'mphepete kuseri kuti nsalu yam'kati isasuzumire. Pano kulibe kuseri, ndiye muyenera kusankha. Mutha kuuika msoko pakati penipeni, mukuufinya ndi zala ndi kusita pang'onopang'ono. Kapena mutha kudula mbali yoyera mokulirapo ndi mamilimita 6 m'mphepete monse, kuti yakuda ikakhala kunja paoneke kamzere koyera ka mamilimita 3 kuzungulira kolala ndi kutsogolo. Ine ndimakonda yachiwiriyi. Patsiku limene munthu wavala mdima, mbali inayo imakhala ikuonekabe pang'ono, ndipo aliyense woyang'anitsitsa amadziwa kuti ilipo.

Sitichi yapamwamba yomalizira, mamilimita 6 kuchokera m'mphepete ndi yotalika mamilimita 3 mpaka 3.5, imafuna ulusi wa mitundu iwiri, wakuda pamwamba, woyera m'bobini. Zikhale za makulidwe amodzi. Yesani kaye pa zidutswa za nsalu zomwezo zitasanjikizana. Timadontho toyera tikaoneka pa yakuda, ulusi wapamwamba wakoka kwambiri, umasuleni pang'ono. Timadontho takuda tikaoneka pa yoyera, wapamwamba walekerera, ulimbitseni. Mfundo ya ulusi iyenera kubisala pakati pa nsalu ziwirizo. Pa nsalu zopyapyala zimenezi sizitheka bwino, ndipo kuli bwino kusankha ulusi umodzi wotuwa umene ungakhale pa zonse.

Zotsekera zisankheni mofatsa. Bowo la batani limagwira ntchito mbali zonse, koma mabatani amafunika awiriawiri, lina kuno lina kuseri, osokedwa ndi ulusi umodzi. Akhale ophwatalala, popeza lina limakhala likukhudza thupi, ndipo posoka ikani kamtengo ka machesi pansi pa lililonse kuti patsale khosi la ulusi la mamilimita 3. Popanda khosi limeneli mabatani awiriwo amakanirirana ndipo salowa m'bowo. Bowo litalike ngati kukula kwa batani kuphatikiza kuchindikala kwake ndi mamilimita 3. Zipi ikhale ya chokokera chotembenukira mbali zonse. Zingwe za nsalu za masentimita 40, zolowetsedwa m'misoko, ndizo zofewa kuposa zonse, ndipo zimalola munthu kumanga mothina kapena momasuka monga tsiku lilili.

Zigamba zosabisika

Ku Japan, m'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, mabanja a alimi ndi asodzi ankalimbitsa zovala zawo za indigo ndi mizere ya ulusi woyera wosokedwa pamanja, luso lotchedwa sashiko. Zovala zimene zinaphatikidwa zigamba pa zigamba kwa zaka zambiri zimatchedwa boro. Anthuwo sankakongoletsa umphawi, ankafuna kufunda. Wotengera luso limeneli ayenera kulilemekeza, ndipo njira imodzi ndi kusang'amba nsalu yatsopano pongofuna kuti ioneke yovutika. Bowo lopangidwa dala pakati pa msana, pamene chovala sichitha, limaoneka kuti ndi lonamizira.

Chimene chimagwira mtima ndi nsalu imene ili ndi mbiri kwa wovalayo: malaya amene anavala m'nyengo yovuta, kapena chovala cha munthu amene anamusiya. Iyang'aneni padzuwa ndi kuikoka pang'ono mbali zonse. Pamene pakuwala kwambiri ndi pofooka, ndipo ikalira ngati ikung'ambika, iphatikeni pa thonje lopepuka. Ikani zigamba pamene moyo umadyadi chovala: pazigongono, pakamwa pa thumba, kumapeto kwa mikono, paphewa pamene pamadutsa lamba wa chikwama. Chigamba chipitirire malo ofookawo ndi masentimita 2 kapena 3 mbali zonse, kuti ulusi ugwire pa nsalu yolimba.

Kasokedwe kake ndi kolowa ndi kutuluka. Sitichi yoonekera ikhale ya mamilimita 4 kapena 5, mpata wake wocheperapo pang'ono, mizere italikirane mamilimita 6 mpaka 10. Ulusi ukhale wa thonje wokulirapo, singano yaitali, ndipo tolani masitichi angapo pa singano musanaikoke. Pothera mzere uliwonse salazani nsalu ndi chala, ndipo pokhota siyani kaulusi komasuka kuseri. Mukakoka zolimba, nsalu imafinyika, ndipo ikachapidwa imafinyikiratu. Kusoka kothinana kumachepetsa chidutswa, choncho ngati mukudzaza kumsana konse, dulani chidutswacho mokulirapo ndi masentimita 4 mbali zonse, sokani, sitani ndi nthunzi, kenako ikani patani ndi kudula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gawo ili limatenga nthawi kuposa kusoka jekete lonse pamakina.

Pali chosankha china chimene chimasintha tanthauzo la chovala chonse. Zigamba zikasokedwa pa mbali yoyera nsalu zisanalumikizidwe, mbali yakuda imakhala yosalala, yosadziwa kanthu za inzake. Koma mukasiya chigamba chimodzi kuti muchisoke pomaliza, singano ikupyola nsalu zonse, mbali yakudayo imatuluka timizere toyera pamalo pomwepo. Bala silioneka, koma malo ake amadziwika. Potero gwirizirani kaye nsalu ziwirizo ndi ulusi wongoyembekezera kuzungulira malowo, talikitsani mizere kufika sentimita imodzi ndi theka kuti pasaume, ndipo musamange mfundo kunja: lowetsani singano pakati pa nsalu, itulukire masentimita 3 kutali, kokani pang'ono ndi kudula kuti mchira ubwerere m'kati. Chimodzi n'chokwanira. Zikachuluka, jekete limasanduka bulangeti, ndipo nsalu ziwirizo zimasiya kuyenda momasuka.

Ndinene poyera kuti chovala sichichiza mtima wosweka. Chingamupatse munthu pofikira ndi njira yonenera zimene pakamwa pakulephera, koma chisoni chikakhalitsa mpaka kulanda tulo ndi chilakolako cha zinthu, pamafunika anthu ndi achipatala. Wopanga zovala asagulitse jekete ngati mankhwala.

Musanalipereke, livalitseni mbali zonse ziwiri, osangoima pagalasi. Wovalayo akhale pampando, akweze manja, apinde mikono pachifuwa, alowetse manja m'matumba ndi kutsitsa chibwano m'kolala. Kumsana kukakoka popinda mikono, mpata wa pakati pa mapewa wachepa. Mpendero ukamatuluka mbali imodzi, tsegulani mpata uja ndi kufupikitsa nsalu imene yatsika, osayesa kuibisa ndi simbi. Likada, lichapeni m'madzi ozizira, mbali ya zigamba ili m'kati, osalifinya mopotokola, ndipo liyanikeni pamthunzi pa hang'ala yamapewa aakulu. Litsala pang'ono kuuma, kokani m'mphepete monse ndi manja kuti nsalu ziwirizo zilingane, ndipo litembenuzeni kamodzi kuti m'khwapa ndi pansi pa matumba pasatsale chinyezi.